Jombo za Alamu Anga

Mwezi watha ndinatsegula sutikesi ya malemu mkazi wanga Eneless kuti ndigawe zovala zake kwa achibale. Pansi pa zitenje ndinapeza jombo zosewelela mpila, zakuda, saizi 12, zosavalidwapo. Ine ndinazibisa kudenga la nyumba yathu yakale m'chaka cha 1986. Tsiku limene iye anazitsitsa sindilidziwa.

Jombozo ndinagulila mlongo wake, Febian.

Chaka chimenecho timu yathu, Nyenyezi za Mvuvye, inakwela kuchoka m'ligi ya boma la Petauke kulowa m'ligi ya chigawo chonse cha Kum'mawa. Ine ndinali mphunzitsi, motelo anandisankha kukhala mlembi. Amene anatikweza anali Febian. Anagoletsa zigoli makumi awili ndi zitatu, zonse ndi phazi lopanda nsapato, phazi lotambalala ngati khasu. Anthu ankati akamenya mpila, odwala ku chipatala cha Minga amadzuka n'kufunsa kuti lagoletsa ndani.

Koma ligi yatsopanoyo inali ndi malamulo ake. Wosewela aliyense akhale ndi khadi la chithunzi, mayina asapitilile makumi awili ndi awili, ndipo wopanda jombo asalowe m'bwalo. Wapampando wathu, a Jethro Daka, anagula jombo ku Chipata, zazikulu kwambili saizi 9. Febian atayesa, chidendene chonse chinatsala kunja. Eneless anang'amba jombo ziwili kutsogolo n'kusokelelapo chikopa cha mbuzi. Pa masewelo oyamba lifali anawelama n'kuziyang'ana.

"Izi ndi jombo kapena ng'oma?" anafunsa, ndipo anamulozela kunja.

Tinagonja ndi zigoli zinayi. Febian anakhala pa benchi masabata atatu, mapazi ali m'fumbi.

"Alamu, pililani," ndinamuuza. "Tchuthi ikayamba ndipita ku Lusaka, ndikabwela nazo."

Ndinapitadi, ndipo ndinazipeza ku msika wa Kamwala tsiku lachiwili. Pobwela, nditangotsika basi, a Daka anandiimika ali ndi pepala m'manja.

"Aphunzitsi, sainani apa. Ndapeza wosewela wa m'tauni, Conrad, mwana wa mlongo wanga. Mayina adzaza, ndiye limodzi lichoke. Pepala lipita mawa. Munthu wosavala nsapato tingamusungile malo mpaka liti?"

Jombo zinali m'chikwama, paphewa langa. Ndikanangotsegula zipi. Koma a Daka analinso wapampando wa komiti ya sukulu yathu, ndipo malo a wachiwili kwa mphunzitsi wamkulu anali opanda munthu. Sanandiopseze. Sanatchule n'komwe za sukulu. Ndinasaina pepalalo nditalitsamila pa bondo.

Febian ndinamuuza kuti saizi yake kulibe.

"Ndiye kuti Lusaka yonse ndi ya anthu a timapazi ta nkhuku," anatelo akuseka.

Conrad anagoletsa zigoli ziwili chaka chonse, ndipo anabwelela kwawo ligi isanathe. Tinatsiliza tili pansi penipeni, n'kubwelela kumene tinachokela. Sitinakwelenso. Ine udindo uja ndinaupeza. Febian anasamukila ku Kacholola, kumene amalima nshawa ndi kugulitsa nthochi pamseu. Pa malilo a Eneless anabwela, anandigwila chanza, anakhala masiku awili, n'kupita.

Ndinaona kuti ndi iye yekha wotsala amene ankamudziwa Eneless ali mtsikana, ndipo sindinafune kuti nayenso apite tili chonchi. Loweluka ndinakwela minibasi.

Ndinamupeza pansi pa mtengo, ali pa mpando wa ndalema, nthochi zili pathebulo. Tsitsi lonse mbuu. Kumapazi anali ndi nkhwaila za tayala.

"Aa, alamu! Mwasochela?"

"Sindinasochele. Ndabwela kwa inu."

Tinafunsana za moyo ndi za mvula. Kenako ndinatulutsa jombo zija n'kuziika pathebulo pafupi ndi nthochi. Ndinali nditakonza mawu m'njila, koma amene anatuluka anali ochepa.

"Ndinazipeza ku Lusaka chaka chija. Ndinakunamizani."

Febian anatenga imodzi, n'kuipinda kuti aone ngati chikopa chafa. Anapukuta mapazi ndi thumba, n'kuvala zonse ziwili, n'kumanga zingwe mosafulumila. Anaimilila. Anayenda mpaka m'mphepete mwa mseu wa tala n'kubwelela.

Zinamukwana ndendende.

"A Febian, yakutengani timu iti?" anafuula mayi wina wogulitsa mazila pafupi, anzake n'kuphulika kuseka.

"Ya kumanda, a Christabel. Akuti golo yawo ilibe munthu."

Anakhala pansi n'kuyamba kumasula.

"Eneless anandiuza chaka chomwecho," anatelo. "Anazipeza pochotsa chiswe kudenga. Anafuna kuti andibweletsele mobisa. Ine ndinati iyayi, amene analonjeza abwele nazo yekha. Ndinadikila ligi yonse. Loweluka lililonse ndinkasamba mapazi."

"Sanandiuzepo kalikonse."

"Nayenso ankadikila."

"Ndabwela nazo lelo, alamu."

"Mwabwela nazo chifukwa mwazipeza m'sutikesi. Chikhala kuti chiswe chinadya, bwenzi lelo muli kunyumba mukuwelenga nyuzipepala."

Sindinamutsutse. Ndinaphunzitsa ana zaka makumi atatu kuti yankho lolondola silitsutsidwa.

Anamanga zingwe za jombo ziwilizo pamodzi, monga tinkachitila kale pozikoleka m'khosi, n'kundipatsa.

"Tengani. Ine mapazi anga anazolowela."

"Ndizitani nanga?"

"Zimene munkachita nazo zaka zonsezi."

Minibasi ya ku Petauke itaima, anasankha phava la nthochi zakupsa bwino n'kundiikila m'chikwama, poti mlamu sabwelela chimanjamanja. Anandipelekeza mpaka pachitseko.

"Muyende bwino, aphunzitsi," anatelo.

Zaka zonse zija, ngakhale pa malilo, sananditchulepo choncho.

Ndinakhala pampando wakumbuyo, jombo zili pamiyendo. Titadutsa Nyimba, kondakitala anaziyang'ana n'kufunsa ngati ndimagulitsa. Ndinati si zanga.