Moni Wamanja

"Uwauze kuti tagwirizana," anatero bambo aakulu, akupukuta fumbi pa makina osokera ngati ndi awo kale.

Mwana wamkazi wa malemu telala anawayang'ana. "Mwagwirizana ndi ndani? Amayi mwawafunsa?"

Amayi akewo, amene anabadwa osamva, anali chikhalire pafupi ndi zenera la shopu. Chiikireni maliro masiku atatu apitawo, abale a mwamuna wawo ankakambirana za katundu atawafulatira. Zaka makumi atatu ali pabanja, koma panalibe mlamu ndi mmodzi yemwe amene anaphunzirako ngakhale "zikomo" wa chinenero chamanja. Zochititsa manyazi! Kwa iwo, munthu wosatulutsa mawu analibenso maganizo.

"Iwe, usatiphunzitse," analowerera azakhali. "Shopu imafuna pakamwa. Kasitomala akabwera azimvana naye bwanji? Makinawa apite kwa bambo ako aakulu, mayi akowa tiziwathandiza."

"Kuwathandiza powalanda chowadyetsa? Makolala onse a malaya otuluka muno amasoka ndani?"

"Mwaumva mwanowo? Mwana wokula akukupiza manja, ulemu akanaudziwira kuti?"

Mtsikanayo anatembenuka n'kuwamasulira amayi ake zonse, osasiyako ngakhale chipongwecho. Amayi analuma mlomo, n'kukokera mpando wawo kutsogolo kwa makina. Bambo aakulu sanasamale, anazula chingwe chamagetsi n'kuyamba kuchikulunga.

Pomwepo pakhomo panatulukira dalaivala wa basi, chimunthu chamimba, buluku ali m'khwapa. Anapepesa maliro mwachidule n'kuwadutsa onsewo. Anagogoda pathebulo kuti amayi adzutse mutu, kenaka ndi zala zake zonenepazo anapereka moni, n'kuonetsa kuti bulukulo lathina m'chiuno. Amayi anamuyankha akuloza mimba ija. Dalaivala anaseka chikhakhali.

"Inunso mumazitha zimenezi?" anafunsa bambo aakulu, chingwe chili m'manja.

"Tonse osoketsa muno timazitha," anatero dalaivala. "Malemu sankamuyeza munthu asanapereke moni kwa akazi awo. Ine anandibweza kawiri, ati ndikukalipa ndi manja ngati ndikuitanira basi. Kodi inuyo simunasoketsepo kwa mng'ono wanu?"

Azakhali anayang'ana kudenga. Bambo aakulu anatsokomola.

Amayi anatambasulira alamu awo dzanja, osaphethira, mpaka chingwe chinabwerera. Anachilumikiza okha, n'kukoloweka tepi yoyezera m'khosi, kenaka anamukodola dalaivala kuti aimirire bwino.