Mphira pa Paipi ya Petulo

Galimoto ya a Wyson inali nkhalamba yeniyeni. Anawasiyira ndi mzungu wa ku esiteti ya tiyi pobwerera kwawo, ndipo m'dera lawo ku Limbuli yoyenda inali yomweyo. Tsoka lake linali pomwepo. Kukakhala msonkhano wa chipani, tcheyamani wa nthambi, a Moffat, sankapempha ayi, ankangobwera.

M'mawa umenewo anafika ndi anyamata awo a malaya ofiira, n'kupeza a Wyson ataweramira mu boneti.

"Madala, lizani galimoto. Tikupita ku Nkando."

"Bambo tcheyamani, lero siyenda. Taonani, paipi ya petulo yang'ambika apa polowera ku kabuleta. Ndamanga kilipi mpaka yadya paipi, koma ikudonthabe. Ndipo ikudonthera pa injini penipeni."

"Ndiye mukukana chipani?"

Ha, mawu amenewo! Masiku amenewo wokana chipani ankatengedwa, ndipo abale ake sankayerekeza n'komwe kufunsa kumene wapita. A Wyson asanayankhe, mnyamata wina dzina lake Chester anawawomba mbama. Mnzake anawatchera mwendo, iwo khu! pansi, nsapato n'kuyamba kuwagwera m'nthiti. Chester anawagwira kukhosi n'kuwagunditsa nkhope ku bampala, dzino n'kuthothoka. Mwana woti anakula akuwapempha kuti amukwezeko, wopanda manyazi!

"Basi, asiyeni," anatero a Moffat. "Akonza tsopano."

Anakonzadi, mmene timakonzera zonse kuno. Anapaka sopo pong'ambikapo, n'kukulunga mphira ya chubu cha njinga, pamwamba n'kupotokola waya. Mphira imamanga katundu pa keliyala, imatseka ndowa yobooka, koma petulo amaidya mpaka kufewa ngati nthochi yowola. A Wyson ankadziwa zimenezo bwinobwino. Moto ankauopa, koma nsapato zinali pafupi kuposa moto.

Ananyamuka, a Moffat atakhala kumbuyo ngati bwana, anyamata atapanikizana m'mbali. Akudutsa minda ya tiyi, fungo la petulo linayamba kulowa. Podutsa pa boma maso anali akuyabwa. A Wyson anatsegula pakamwa kuti anene, lilime linagunda pamene panali dzino paja, anatsekanso.

Kutatsala pang'ono kufika pa Nkando, utsi unatuluka m'mbali mwa boneti, kenako moto lawi! A Wyson anaponda buleki n'kudumpha. Anyamata aja, akatswiri omenya nkhalamba, anathawira m'chimanga. A Moffat anatsala okha, jekete itakodwa pa chitsulo cha mpando, moto ukulowera pansi pa chiwongolero.

"A Wyson! Achimwene! Ndikupsa ine!"

Lero achimwene! Kunena zoona, a Wyson anaima kaye. Mtima unali utadzaza chidani, unkawauza kuti amusiye apse. Koma kukuwa kwa munthu n'kovuta kukumvetsera. Analowetsa manja m'motomo, khungu likumatirira pa chitsulo, anang'amba jekete, n'kumukokera kunja munthuyo ngati thumba la chimanga.

A Moffat anatsokomola, anadzigwiragwira, anapeza kuti ali moyo. Ataona anthu akusonkhana, anatukula chala.

"Mwaona nonse? Amafuna kundiotcha! Chigawenga ichi!"

Anyamata anatuluka m'chimanga muja mphamvu zitabwerera. Wina anazula mtengo wa mpanda, wina anatola mwala. A Wyson sanathe ngakhale kutchinga kumutu, manja anali nyama yokhayokha.

Panafika lole yonyamula amayi okavina ku msonkhano. Anyamata anaiimitsa, n'kuwaponya a Wyson pakati pa mapazi a amayiwo. Nyimbo inaduka.

"Imbani!" anakuwa Chester, akumenya mtengo m'mbali mwa lole. "Wakuuzani kuti musiye ndani?"

Nyimbo inayambanso, lole n'kunyamuka. A Wyson anatsegula diso limene linali kuonabe. Pamwamba pawo panaima mkazi wawo, a Edna, atavala nsalu ya chipani, akuwomba m'manja, pakamwa pakuimba, misozi ili chuchuchu. Mawondo a mayiwo anayamba kupindika kuti agwade pambali pa amuna awo. A Wyson anachita mantha kuposa a moto uja, poti akagwada atengedwa onse awiri. Anafuna kuwauza kuti asasiye kuimba, koma m'kamwa munali magazi okhaokha.