Chigoba cha Nkhono cha a Rafaeli

Pasukulu ya mishoni ija aphunzitsi a Chingerezi analipo atatu okha, koma phokoso lawo mukanati ndi khumi. Lachisanu lililonse ana akaweruka, ankakumana pansi pa mtengo wa mbawa kuseri kwa kalasi ya Sitandade 6, pamalo amene a Rafaeli Kalinde, mkulu wawo, adazunguliza miyala yopaka laimu. Ketulo ya tiyi inkabwera, nyuzipepala yakale yopempha kwa ansembe inkawerengedwa mpaka malonda a sopo omwe, kenaka mtsutso.

M'kati mwa miyalayo Chinyanja chinali choletsedwa. Woterereka lilime ankavekedwa m'khosi chigoba cha nkhono chomangirira ku chingwe cha khonje, n'kuyenda nacho sabata yathunthu ana akumuseka. Kutuluka m'miyalamo belu la tchalitchi lisanalire unalinso mlandu womwewo. Lamulo lachiwirili linabwera chifukwa cha Alufeyo, mmodzi wa aphunzitsiwo, yemwe akapsa mtima ankalumphira kunja, n'kulalata bwinobwino m'chinenero cha makolo ake, n'kubwereranso ngati sanachite kanthu.

Chaka cha 1951 masewerawa anasanduka nkhani yaikulu. Kunabwera kalata yoti mphunzitsi mmodzi apite ku Zomba kukachita kosi ya zaka ziwiri. A Rafaeli, poopa kunenedwa kuti akondera, analengeza kuti pa anzawo awiriwo wopita adzakhala amene wavala chigoba kochepa m'chakacho, ndipo akafanana apite Alufeyo poti ndiye adayamba kale ntchito. Pofika Lachisanu lomaliza Alufeyo anali atavala katatu, mphunzitsi mnzake Kalisto kawiri.

Kalisto ankafuna Zomba ndi mtima wake wonse. Anali atatopa kuphunzitsa ndi buku limodzi lothothoka masamba, ndipo ankadziwa kuti mwayi wotere subwera kawiri kwa mwana wa mayi wamasiye wa ku Nchema. Tsikulo anadzuka atamanga lilime kuyambira mamawa. Ngakhale nkhuku yomwe inalowa m'kalasi anaiingitsa m'Chingerezi.

Mtsutso wa tsikulo unali wakuti chofunika kwa mphunzitsi nchiti pakati pa njinga ndi wailesi. Kalisto anali ataimirira, akuikira kumbuyo njinga, mawu akutuluka mosadodoma, pamene anaona mayi wina akukhotera kuseri kwa kalasi, dengu lili pamutu, mapazi ali mbuu ndi fumbi. Anali amayi ake, a Bibiana.

Anatula dengu kunja kwa miyala, anagwada, nawomba m'manja pang'onopang'ono.

"Zikomo kuno, aphunzitsi."

Kalisto anaona kuti wapanikizika. Akayankha m'Chinyanja, chigoba. Akatuluka, chigoba. Akawalonjera m'Chingerezi, amayi amene adamubereka kumsana pokakolola nandolo, pamaso pa anthu, umenewo ndi mwano woposa kukhala chete. Belu linali litatsala pang'ono. Anadziuza kuti amayi akhoza kudikira, ndiye anatembenuzira maso ku phiri la Chiradzulu n'kupitiriza kuyamikira matayala a njinga.

Alufeyo anamwetulira mpaka mano a m'tsaya. Anafunsa mwaulemu, m'Chingerezi chosalala chimene anali asanayankhulepo chaka chonsecho, ngati mnzakeyo sakuwadziwa mayi amenewa. Kalisto anachita ngati sanamve.

A Bibiana anawombanso m'manja kachiwiri. Ataona kuti palibe wayankha, anakonza nsalu yawo, nakhala pansi miyendo atatambasula, maso ali pa dengu.

A Rafaeli anadikira. Anayang'ana Kalisto nthawi yaitali ndithu, kapu ili m'manja, koma mnyamatayo anali atafika pa ubwino wa belu la njinga. Pamenepo mkuluyo anaika kapu pansi, anadzuka mawondo akulira, anavula chipewa, nanjuta m'mphepete mwa miyala.

"Pepani mayi, takusungani padzuwa. Mwayenda bwanji?"

"Tayenda bwino, kaya inu mwaswera bwanji, bambo?"

"Taswera. Kumudzi mwasiyako bwanji?"

"Kuli bwino, koma mvula ndiye ikuchedwa. Ine ndimati mwina muli pa mapemphero, ndiye ndimaopa kusokoneza."

"Iyayi mayi, ndi ntchito chabe. Mwana wanu atsala pang'ono kumaliza."

Anawathirira tiyi m'kapu yomwe ankamwera iwo eni. Kenaka anapita pamtengo, anachotsa chigoba pa msomali, nadziveka okha m'khosi. M'zaka khumi ndi zinayi chiyambire mwambowo, aka kanali koyamba kuti iwo achivale. Alufeyo, amene tsiku lina akanagubuduka ndi kuseka, anangoyang'ana pansi.

Belu linalira. A Rafaeli anaimirira nalengeza m'Chingerezi kuti lamulo ndi lamulo, wopita ku Zomba ndi Kalisto Mathero. Sanaonjezepo mawu, sanamugwire chanza. Anatenga ketulo nauyamba wa kunyumba kwawo, chigoba chikulendewera pa tayi.

Walira mvula walira matope. Kalisto anali atapeza chimene ankafuna, koma chimwemwe chinakana kubwera. Anatuluka m'miyalamo, nanjuta pamaso pa amayi ake, manyazi atamugwira mpaka m'makutu.

"Mwafika, amayi?"

"Ndafika kalekale, bambo. Ndinamva kwa akatekisiti kuti mwina mupita kutali, ndiye ndati ndikubweretsereni kamba. Muli mtedza wokazinga umu, ndi nandolo pang'ono. Muwagawireko achikulire aja, ndi munthu wabwino."

A Bibiana anakana kugona, ati mbuzi anazisiya ndi anthu. Kalisto anawanyamulira dengu lopanda kanthu n'kuwaperekeza. Anadutsa pachipatala cha mishoni, pomwe odikirira odwala anali kuphika panja, natsikira njira ya m'minda yomwe mizere inali itapangidwa kale kudikira mvula. Anawauza za Zomba, ndipo a Bibiana anaima pakati panjira n'kululuta, mwakuti amayi ena ochokera kudambo anacheuka.

Kalisto anafuna kupepesa, koma sanadziwe poyambira. Afotokoze za chigoba? Mayi woyenda kuchokera ku Nchema wapansi, ungamuuze kuti unamusiya chogwada chifukwa cha nkhono? Anayenda mpaka pamphambano pamene ankasiyanirana nthawi zonse.

A Bibiana analandira dengu, nalisenza. Anayamba kuyenda, kenaka anabwerera masitepe awiri.

"Kalisto."

"Wawa, amayi."

"Sindinakuchititseni manyazi paja eti? Nsalu yabwino ija ndinachapa, sinaume."

"Iyayi amayi, ayi ndithu."

"Chabwino." Anakonza nkhata pamutu. "Nanga moni wake wa Chingereziyo ndi wovuta? Musanapite mudzandiphunzitseko. Mutu wanga ndi wouma, koma ndizikayeserera kumunda, kuti mukadzabwerako mudzathe kundiyankha."