Kutsanzika kwa Arvid Tollefson

Arvid Tollefson sankatsanzika. Akamwa khofi pakhomo pa munthu, ankangodzuka, kuvala chipewa, basi wapita. M'katauni ka kwawo kumpoto kwa Minnesota, kumene mlendo akati "ndizipita" mwini nyumba amatereka ketulo ina, iye yekha ndiye ankachoka ngati wakuba. Ankati kutsanzika ndi ntchito ya anthu osowa chochita. Za tchalitchi ankatero, za maukwati ankatero, ndipo amene ankawalankhula mwaulemu ndi agalu okha.

Mng'ono wake Duane anamira mwezi wa Malichi, kalekale ana ake adakali aang'ono. Analowa ndi galimoto panyanja youndana kukawedza, monga amachitira amuna akuno, oti ukawauza kuti ayezi wafewa amakuyankha kuti "ine ndimamudziwa." Ayezi anang'ambika. Galimoto anaivuula, mwini wake anamuvuula, nsomba sanagwire ndi imodzi yomwe. Anasiya mkazi wake Marlys ndi ana awiri ndi denga lodontha limene ankati akonza mawa.

Arvid anatenga kanyumba kamatabwa kamene Duane ankawedzeramo pa ayezi n'kukaika kuseri kwa galaja. Munali mbaula yakale ya gasi. Tsiku lina atakalamba kale, pothawa abusa amene anabwera kudzamuona, anadzitsekera m'menemo n'kuyatsa mbaula ija. Pophethira anapezeka ali m'khitchini mwa Duane, kapu ili m'manja, m'mawa wa tsiku lija limene Duane anamira. Sanadabwe. Anangotukwana. Moto wa mbaula utazima, anapezeka wabwerera kuseri kwa galaja ndi imvi zake.

Kuyambira pamenepo anayesa zonse. Anaboola matayala, Duane anabwereka galimoto ya mnzake. Anabisa makiyi, Duane anali ndi ena pansi pa mpando. Anamuuza poyera kuti, "Iwe, lero ufa," Duane anaseka mpaka kutsamwa, n'kunena kuti, "Achimwene, mwayamba liti uneneri?" Ulendo wina anamuponyera chibakera, koma Duane anabwezera chabwino koposa, n'kupita kunyanja atakwiya. Nthawi zonse Arvid ankabwerera n'kupeza manda ali pomwepo.

Mbaula nayo inali kutha. Moto wake unali wachikasu, ukungophethira ngati nkhalamba yodwala. Arvid ankadziwa makina, ndipo anaona kuti ikayakanso kamodzi ndiye kwatha.

Marlys, tsopano mayi wa imvi, anamupeza akutuluka m'kanyumbako mlomo utatupa.

"Alamu, mwamenyana ndi ndani m'kanyumba mopanda munthu?"

"Ndi mwamuna wanu."

Anamufotokozera zonse, akudikira kuti amuitanire adokotala. Marlys anangopinda manja.

"Ndiye mwaboola matayala, mwaba makiyi, mwamumenya. Nzeru zachimuna zonse mwamaliza. Kodi munayesako kutsanzika?"

"Kutsanzika kwatani?"

"Tsiku lija munamwa khofi wanga, n'kudzuka ngati mwalumidwa ndi mavu. Chitseko chisanatsekeke n'komwe, mnzanu anali atanyamula kale mbedza. Duane sanasiyepo mlendo pakhomo. Amayi anu anamulera bwino, mwina inu munali kwina. Mukanatsanzika ngati munthu, akanaima panja mpaka dzuwa kupendeka."

"Ine ndilibe nkhani zokamba."

"Ndani ali nazo? Mukuganiza kuti ife timakamba zanzeru pakhomopo?"

Arvid anabwerera m'kanyumba muja n'kuyatsa mbaula. Inatsokomola, kenako inagwira.

Khitchini yomwe ija, khofi yemwe uja. Duane ali phee pampando, maso ali pawindo pomwe pankaoneka galimoto yake itapakiridwa kale. Marlys wachitsikana akutsuka mbale. Arvid anamenya mawondo ake ndi manja onse awiri monga amachitira anthu, n'kunena kuti, "Chabwino. Ndizipita."

Ndipo sanadzuke.

Duane anamuyang'ana ngati waona galu akuwerenga nyuzi. "Achimwene, muli bwino?"

"Ndati ndizipita. Kodi dengali udzakonza liti?"

"Afunseni, alamu," anatero Marlys osatembenuka. Nkhani ya denga inadya kapu ina ya khofi.

Kenako anadzuka, n'kuima pakati pa khitchini. Marlys anatulutsa chakudya chotsala cha dzulo, mbatata zophika ndi nyama yogaya. "Musapite chimanjamanja."

Arvid anatsala pang'ono kulandira kuti zithe, koma anakumbukira mwambo. "Ayi, musavutike."

"Sikuvutika, zingowonongeka."

"Anawo adya chiyani?"

"Tengani, alamu, musandichititse manyazi."

Marlys anayamba kufunafuna kontena ya majarini, kenako chivundikiro chake, chimene m'nyumba iliyonse yakuno chimakhala kuti chinasowa. Arvid sanathandize. Pakhomo anavala jombo imodzi n'kufunsa za nyengo. Anavala inayo n'kufunsa ngati nyengo ya chaka chatha inali yotere. Pakhonde anakamba za fosholo. Duane anamuperekeza ku galimoto atangovala malaya, manja ali m'khwapa, akudumphadumpha ndi kuzizira, maso akuthawira ku mbedza zake.

"Muyende bwino, achimwene. Musamale agwape pamsewu."

Mawu amenewo kuno ndiwo omaliza. Arvid analowa m'galimoto, analiza injini, n'kutsitsa galasi. Mutu unali mbee. Munthu amene wakhala moyo wonse osacheza, nkhani zimamuthera msanga. Fungo la gasi linayamba kumufika m'mphuno, zala zikuzizira: mbaula inali kufa. Duane anali atabwerera kale pang'ono, dzanja lili m'mwamba, akungodikira kuti galimoto ikhote pakona.

Za chikondi Arvid sankazidziwa. Bodza ndiye ankalitha.

"Paja ndamva kuti nsomba ya Lyle ija inali yaikulu kuposa yako."

Dzanja la Duane linatsika. Lyle anali woyandikana naye nyumba, mnzake wapamtima, ndiponso mdani wake pa nkhani ya nsomba.

"Wanena ndani?"

"Anthu."

"Anthu ake ati? Achimwene, nsomba ija anachita kuitambasulira kutsogolo pojambulitsa. Mukaona zala zake pachithunzipo, zikulu ngati masoseji."

"Ine ndangomva. Akuti yako inali yodwala."

"Yodwala!"

Duane anagwira chitseko cha galimoto ndi manja onse awiri, kuzizira kuja kwaiwalika. Anayamba ndi nyambo imene anagwiritsa ntchito. Anafotokoza za bowo la pa ayezi, za mphepo, za m'mene chingwe chinalirira. Akafuna kumaliza, Arvid ankangoti, "Kaya," iye n'kuyambiranso. Marlys anatuluka kudzamuponyera jekete n'kubwerera m'nyumba akupukusa mutu.

Nsomba ija itakula m'nkhani yake mpaka kufika pachifuwa, galimoto ya Lyle inatulukira pakona, mbedza zili kumbuyo. Lyle anaima n'kutsitsa galasi.

"Ngati ndi wakunyanja, tsitsani katundu. Apolisi atseka njira. Madzi akwera pamwamba pa ayezi, mng'alu wake mpaka kutsidya."

Duane anafwenthera. "Ine ndikanadutsa."

"Ndikudziwa," anatero Arvid. Duane anatembenukira kwa Lyle.

"Ndiye iwe Lyle, ukuuza anthu kuti nsomba yanga inali yodwala?"

Arvid anawasiya akukangana. Pagalasi loonera kumbuyo anaona mng'ono wake, mkangano uli mkati, atakweza dzanja limodzi kumubayibitsa, poti mlendo sumusiya asanakhote. Anakhota. Moto unazima.

Anatuluka m'kanyumba kaja. Kutsogolo kwa galaja kunali nkhalamba ina yadazi, yamimba, ikusuzumira pawindo la khitchini yake.

"Achimwene, mumabisala kuti? Mlamu wanu akuti kontena yake ya majarini ija mudzabweza liti. Ana akula, akwatira, iye akuifunabe."

Arvid anamuyang'ana pamimba. "Wanenepa," anatero.

"Inu mwakalamba."

"Denga unakonza?"

"Ndikonza mawa."

Analowa m'nyumba. Duane anamwa khofi, anadya mabisiketi onse, anafotokoza za nsomba ina imene Arvid anaidziwa bwino, koma tsopano inali itafika m'khosi. Kenako anamenya mawondo ake. "Chabwino. Ndizipita."

Arvid anadzuka, natsuka ketulo, naiterekanso.