Kamphepo Wagona pa Swala

Mwana wanga wamkazi timamutchula Kamphepo chifukwa cha kuonda kwake, makamaka chidwalireni malungo chaka chatha. Chaka chino alemba mayeso omaliza pulayimale, komanso ku madrasa watsala pang'ono kumaliza Qur'an. Poyamba zinkayenda bwino, m'mawa kusukulu, masana ku madrasa. Kenako aphunzitsi aakulu anaika makalasi a masana okonzekera mayeso, basi mutu wanga unayamba kuwawa pomwepo.

Ine ntchito yanga ndi kunyamula anthu pa njinga yamoto, zokangana ndi anthu ophunzira sindizitha. Aphunzitsi aakulu anandiitanira mu ofesi yawo yodzaza fumbi la choko.

"Bambo, mwanayu ali ndi mutu. Mulungu sathawa, koma mayeso sadikira munthu."

Ndinavomera. Mawa lake amwalimu a ku madrasa anandiimitsa pakhomo la mzikiti, nsapato zili m'manja.

"Achimwene, satifiketi imatsala pansi pompano. Kumandako akamufunsa masamu?"

Ndinavomeranso. Nanga ndikanatani? Onsewo amalankhula zomveka.

Kunyumba ndiye musanene. Amake akuti mwana wawo adzakhala namwino kuti akazi azidzapimidwa ndi mkazi mnzawo, ati kumenekonso ndi kutumikira Mulungu. Abambo anga, amene timakhala nawo, akuti namwino wosadziwa kuswali, kupemphera kwathu kwa Chisilamu, ndi chitini chopanda kanthu. Amayamba tikamadya, mbale n'kutsukidwa, iwo akadali pomwepo. Ine ndimangowaonerera, msana ukuwawa ndi mabampu a tsiku lonse.

Nzeru imene ndinapeza inali yogawa mwanayo pakati. Kalasi ya masana ikafika theka ndinkamutulutsa, iye n'kuvala mpango wautali pamwamba pa yunifolomu, n'kumadya banzi tili pa liwiro, kuti akapeze theka la madrasa. Mukuganiza alipo anandithokoza? Aphunzitsi ankati ndikumuba, amwalimu ankati ndikuwabweretsera makombo.

Pasanapite nthawi anayamba kugona panjira. Ndikaima pa maloboti ndinkangomva mutu wake ukugunda pamsana panga. Poopa kuti angagwe, ndinayamba kumumangirira m'chiuno mwanga ndi nsalu ya amake, mtsikana wamkuluwamkulu. Anzanga pa siteji ankafa nazo kuseka: "Ada, mwabereka lero? Kuyamwitsa muyamba liti?" Ndinkaseka nawo, koma mumtima zinkandiwawa.

Lachinayi lapitali ndinamufikitsa ku madrasa nthawi ya swala ya madzulo itakwana, ndiye ndinalowa nawo mumzikiti kukapemphera. Titamaliza, akazi a amwalimu anatulukira kuseri kwa katani ya mbali ya amayi akuthamanga.

"Bambo a Kamphepo, bwerani msanga!"

Ati onse anagwetsa mphumi pansi, onse anadzuka, iye yekha ayi. Ndinamupeza ali chogwada, mphumi pamkeka, osagwedezeka. Nditamugwira paphewa ndinamva kamkonono. Mwana anali mtulo, abale.

Kunyumba nkhani inafika ine ndisanazimitse njinga. Amake anati madrasa iyambe yaima mpaka mayeso atatha. Abambo anati amene wagona pamaso pa Mulungu ndiye kuti sukulu yamudya, isiyidwe ndi imeneyo. Ine ndinatopa nazo, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinakweza mawu m'nyumba mwanga.

"Tamufunsani mwiniwakeyo! Si uyu ali apayu?"

Anali atakhala pansi, atatsamira khoma pafupi ndi chidebe cha madzi, mpango utapendekera, zala zili inki yokhayokha. Ndinanjuta patsogolo pake.

"Mayi, tanena. Masana uzipita kuti? Chimene unene ndi chomwecho, palibe akukalipire."

Anayang'ana amake, anayang'ana agogo ake. Onse awiri anali atatong'ola maso ngati akudikira zotsatira za mpira.

"Konse ndimakukonda, ababa," anatero motsitsa.

"Tikudziwa, koma thupi ndi limodzi."

Anayamba kukanda inki ya pachala. Kenako anandiyandikira ngati akufuna kundipempha chinthu chodula.

"Ababa, kodi malungo aja sangabwerenso? Nthawi ija ndinkangogona, ndipo nonse munkangondifunsa ngati ndadya."

Ndinayamba kumuvula nsapato za kusukulu, ndipo ndisanamasule chingwe cha yachiwiri anali atagona kale.