Rafaelo Asasula Denga mu Meyi

Rafaelo anali wa ku Golomoti, kunsi kwa mapiri, kumene thukuta limakupeza usanadzuke pamphasa. Anakwatira kumtunda, ku Kabwazi, n'kukhala pachikamwini kwawo kwa mkazi wake Dorika. Za khama palibe ankamunena. Vuto lake linali limodzi: ankaganiza kuti mvula ili ndi khalidwe limodzi dziko lonse, kuti ikatsanzika mu Epulo ndiye basi mpaka Novembala, monga imachitira kwawo.

Chaka chimenecho mbatatesi inamukomera, anagula malata, ndipo mtima sunamulole kudikira. M'mawa wina mu Meyi, dzuwa likuwala bwinobwino, anakwera padenga n'kuyamba kusasula udzu. Amuna odutsa anaima n'kumuuza kuti adikire chiperoni chidutse kaye, denga amasasula mu Ogasiti. Rafaelo anawaseka ali pamwamba pomwepo. Anati anthu akumtunda amaopa mtambo ngati uli ndi mano, ndipo kalipentala, a Gibson, abwera mawa lomwelo kudzakhoma malata. Pofika masana nyumba inali yasaa, kuyang'ana kumwamba.

Kutacha, mapiri onse anali atasowa. Mphepo inatembenuka n'kumachokera kummwera, nkhungu inadzaza pabwalo, ndipo kamvula kowaza kanayamba, kaja kosachita phokoso koma kolowa mpaka m'mafupa. A Gibson anatumiza mawu akuti iwo sakwera matabwa onyowa, ali ndi ana oti alere.

Dorika anabereka khanda lawo kumbuyo n'kusamukira m'nyumba mwa amayi ake, a Veronika, tsidya lina la bwalo. Rafaelo sakanamutsatira. Mabanja ambiri anausiya mwambo woti mkamwini ndi apongozi ake aakazi azithawana, koma a Veronika anaugwira ndi manja awiri. Chikwatirire, awiriwa anali asanalankhulane kapena kuyang'anana kumaso. Akakumana panjira, wina ankapatukira m'munda. Uthenga uliwonse, ngakhale wobwereka khasu, unkadzera mwa Dorika, ndipo m'nyumba mwawo Rafaelo anali asanapondemo.

Akanatha kukapempha malo kwa amuna aja, koma kuseka kwake kwa padenga kunali kudakali m'makutu mwawo. Choncho anayedzamitsa malata kukhoma m'nyumba yopanda dengayo n'kukwawira kunsi kwake ndi bulangete limodzi. Malata ndi abwino pamwamba pa nyumba, koma pogona nawo pafupi ndi ena: amazizira, ndipo amadontha thukuta lawolawo. Dorika akabwera ndi chakudya, mwamuna wake ankamuuza kuti kamphepoka n'kabwino, kakumuchotsa ulesi wakuchigwa. Ankanena zimenezi mano akuwombana.

Mudzi nawo sunamusiye. Anthu ankagogoda pachitseko mwaulemu wonse, n'kudikira kuti awalowetse, kenako n'kumayamikira kuti nyumbayi ndi yopita mphepo bwino. Wina anafunsa ngati a ku Golomoti onse amamanga chonchi. Rafaelo ankaseka nawo, koma mumtima ankamva kuwawa. Anali ataonetsa kale kuti nyengo yakuno saidziwa, ndipo sanafune kuti anenenso kuti mwambo wakuno saudziwa.

Chiperoni sichinafulumire kuchoka. Chifuwa chinamugwira, thupi linayamba kutentha, ndipo chakudya chinkabwerera chosakhudzidwa. Dorika anachita mantha. Anamuchonderera, anamukalipira, anamuuza kuti amayi alola kuti alowe. Rafaelo anakana. Anati apongozi akunena zimenezo chifukwa cha chisoni chabe, ndipo iye sangawachotsere ulemu m'nyumba mwawo momwe.

A Veronika anamva yankholo kwa Dorika. Chakumadzulo, kusanade, anafunda chitenje kumutu, ananyamula kampando kawo, n'kudutsa pabwalo m'kamvula kaja. Sanachite odi. Analowa m'nyumba yopanda denga ija, anaika kampando pansi, n'kukhala atafulatira malata.

Rafaelo atasuzumira n'kuona zidendene za apongozi ake, matenda anaiwalika. Anatuluka chokwawa, malata akulira pambuyo pake, n'kukabisala kunsi kwa nkhokwe. Asanapume n'komwe, kampando kaja kanafika, ndipo eni ake anakhala pomwepo akuyang'ana kumbali ngati akuwerenga nkhuku. Anathawira kuseri kwa khola la mbuzi. Nakonso anamupeza, osathamanga, osamuyang'ana. Anansi anatuluka pamakonde atafunda mabulangete kudzaonera mkamwini akukusidwa ndi mayi wachikulire wosatsegula pakamwa.

Pabwalo lonse panatsala malo amodzi okha opanda a Veronika. Dorika anali ataima pakhomo pa nyumba ya amayi ake, chitseko chili chotsegula, akudziluma mlomo kuti asaseke. Rafaelo anayang'ana uku ndi uku, kampando kakuyandikira, n'kulowa chamutu.

M'katimo munali mbaula yoyaka, mphasa yoyala kale ndi juzi ya malemu apongozi ake aamuna. Zonse zinali zitakonzedwa iye asanayambe kuthawa. Dorika anamuveka juziyo, anamufunditsa, anamupatsa tiyi wotentha, ndipo kwa kanthawi Rafaelo sanaganize chilichonse koma zala zake zimene zinayambanso kumva. Kenako anamva kutsokomola panja.

Anafunsa kuti amayi ali kuti. Dorika anati ali pakhonde, ndipo anena kuti akhala pomwepo mpaka a Gibson adzakhome malata, poti sangalowe m'nyumba muli mkamwini. Rafaelo anasuzumira pawindo. Aka kanali koyamba kuwayang'anitsitsa, ndipo anadabwa kuona kuti munthu amene wakhala akumuthawa nthawi yonseyi ndi wochepa thupi chonchi. Anali atadzipinda pakampando paja, chitenje chitanyowa, mphepo ikuwawazira madzi kumapazi.

Manyazi amene anamugwira anaposa onse a masiku apitawo. Anavula bulangete, anatsegula chitseko, n'kugwada pakhomo maso ali pansi. Kenako ananena mawu amene anali asanawayesepo.

"Amayi," anatero, "lowani m'nyumba. Kunja kuno kwazizira."

A Veronika anali akuyang'anabe kunkhungu. Anansi aja anasiya kuseka. Kenako mayiwo anatembenuka pang'onopang'ono n'kumuyang'ana kumaso.

"Ndigwireni dzanja, mwana wanga," anatero. "Mwandithamangitsa, miyendo yauma."

Rafaelo anawadzutsa, ananyamula kampando ndi dzanja linalo, ndipo analowa onse awiri.