Kalata ya M'chitini cha Ufa

Kalata ija ndinailandira manja ali mbuu ndi ufa. Blazo wa positi anaima pakhomo atagwira njinga, akumwetulira ngati wakhoza mayeso ndi iyeyo.

"Stana, yachokera ku Kotor, kusukulu ya amalinyero! Mwana wako Krsto atichotsa manyazi. Mudzi wathu wa Risan ukhala ndi kaputeni!"

"Pakamwa pako sipatseka, Blazo. Dzipita, makalata a anthu akuzizira."

Atangokhota pangodya, ndinaipinda n'kuikwirira m'chitini cha ufa.

Musafulumire kundiweruza. Mwana aliyense wa ku Risan amakula akudziwa za Teuta, mfumukazi ya Ailiriya, mtundu wakale wa kuno, imene zombo zake zinkasowetsa Aroma tulo. Amati itagonja inathawira kuno, inakwera phiri la kuseri kwa nyumba zathu n'kudziponya kuphompho kuti isagwidwe ukapolo. Isanadumphe inatemberera mudzi uno kuti usadzabale amalinyero. Kwa anansi athu ku Perast ndi ku Kotor akaputeni ali mbwee, koma ife nyanja timangoionera pawindo. Mwamuna wanga Savo ankaseka nkhaniyi. "Mayi woti anafa zaka zikwi ziwiri zapitazo andiletse ine?" Anakwera chombo Krsto akuyamwa. Kunyumba kunabwerera chipewa chake chokha.

Masana Krsto analowa ali wefuwefu.

"Amayi, Blazo wadutsa?"

"Wadutsa. Palibe chako."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako ananyema buledi n'kudya. Funso lomwelo anandifunsa tsiku ndi tsiku mpaka mphesa zinapsa. Zitatero analeka, ndipo mluzu umene ankaimba potsika masitepe unalekera pomwepo.

Zaka makumi atatu zinadutsa. Krsto sanamire, ndipo ine ndinkadzitama nazo mumtima. Sanakwatire. Anapeza ntchito yokweza alendo kuphiri la Gradina, kukawaonetsa miyala ya linga la mfumukazi ija.

Chaka chatha dokotala anandiuza kuti mtima wanga watopa. Ndinafukula kalata ija, n'kupempha Krsto kuti andikweze kuphiriko. Tinapuma kasanu panjira, iye akundiseka kuti alendo a ku Jeremani a zaka zanga amakwera akuimba.

Pamwamba ndinakhala pamwala n'kumupatsa kalatayo. Inali itasanduka yachikasu.

"Mwanawanga, ndinakubera. Anakusankha kusukulu ya amalinyero ija."

Sanaitsegule. Anangopukuta ufa ndi chala.

"Ndinkadziwa, Amayi. Blazo anandipeza pamsika tsiku lomwelo. Anandigulira ndi kachasu yemwe, akunditchula kaputeni."

"Nanga osapita bwanji? Ukanangokwera basi, Kotor ndi pafupi pompa!"

"N'kukusiyani ndi zipewa ziwiri?" Anaseka pang'ono, kuseka kosaonetsa mano. "Ndinkati ndidzapita mukadzandipatsa ndi manja anu. Ndiye ndinkadikira."

Ndinalira momwe sindinalirire ngakhale pa Savo. Ndinkafuna andikalipire, anditukwane, koma iye anavula jekete n'kundifunditsa chifukwa kunali mphepo.

"Musalire, mtima uja," anatero. "Alendo akandifunsa chifukwa chake kuno kulibe amalinyero, ndimawauza kuti amene anatseka nyanja ndi Teuta. Amakhulupirira."

Pansi pathu chombo choyera chinali kulunjika pampata wopapatiza wotulukira kunyanja yaikulu. Krsto anaika kalata m'thumba la malaya, ufa n'kutsalira pachifuwa, ndipo anaimirira m'mphepete mwa phompho, imvi zikuuluka. Anaiwala kuti ndilipo.

"Pang'ono kumanzere," ananong'ona. "Pang'ononso. Basi, gwira pomwepo."

Manja ake awiri anali m'malere, akupotoza chiwongolero chimene panalibe, mpaka chombo chinabisika kuseri kwa phiri.